Mbale yoyang'ana kumwamba kapena rauta ya pawindo: zimene ndinasankha kuno ku Chilenje

Tsiku la 10 la mwezi uliwonse linkandipeza ndili pa kompyuta kuyambira mbandakucha, chifukwa ndilo tsiku lomaliza kutumiza ku ZRA, bungwe lotolera msonkho kuno ku Zambia, mapepala a msonkho wa PAYE, ndipo ine ntchito yanga ndi yosunga mabuku a ndalama a mabizinesi ang'onoang'ono, ena a ku Kamwala, ena a konkuno ku Chilenje, mu mzinda wa Lusaka. Ofesi yanga ndi chipinda chimodzi cha nyumba imene ndimachita lendi. Intaneti ikandithawa pa tsiku limeneli, amene amalipira chindapusa cha kuchedwa ndi munthu amene anandikhulupirira n'kundipatsa mabuku ake, ndipo n'chifukwa chake nkhani ya intaneti sindiitenga mopepuka.

Mu September 2024 ndinatsala pang'ono kugula mbale ya Starlink, yolandirira intaneti yochokera ku masetilaiti. Chaka chimenecho mvula inavuta kwambiri, moti Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu February kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, madzi anatsika m'nyanja ya Kariba kumene amapangira magetsi, ndipo magetsi ankazima nthawi zina maola oposa 20 pa tsiku. Ine ndinali ndi batire ndi inveta, choncho kompyuta inkayaka, koma rauta yanga ya simukhadi inkangoonetsa kanyali kofiira. Vuto silinali m'nyumba mwanga. Nsanja za netiweki nazonso zimadya magetsi, ndipo akazima zimadalira mabatire ndi majenereta a dizilo, amene anaikidwa poganizira kuzima kwa maola ochepa osati kwa usana ndi usiku. Tsiku lina ndinanyamula kompyuta m'chikwama, ndinakwera minibasi mpaka m'tauni, ndipo mapepala a makasitomala atatu ndinawatumizira pa benchi ya m'sitolo ya mnzanga pafupi ndi msewu wa Cairo. Pobwerera ndinali nditatsimikiza mumtima kuti sindikufunanso kudalira nsanja ya munthu wina.

Starlink inayamba kugwira ntchito kuno ku Zambia mu October 2023, miyezi yochepa itayamba ku Malawi. Chimene chimaisiyanitsa ndi intaneti ya setilaiti imene tinkaiona kale m'mabanki ndi m'malo ogona alendo a ku Luangwa ndi kutalika kwa ulendo umene uthenga umayenda. Masetilaiti akalewo ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, ndipo kuti funso lanu likwere, litsike, yankho likwerenso n'kutsikanso, pamadutsa theka la sekondi kapena kuposerapo, n'chifukwa chake polankhulana anthu ankangodulana mawu. A Starlink amazungulira pa makilomita pafupifupi 500 okha, ndipo alipo masauzande ambiri, moti wina akamalowa kuseri wina amakhala watulukira kale, mbaleyo n'kumangosintha yokha popanda mwini wake kudziwa. Kwa munthu amene wangotsika minibasi ali ndi fumbi kumapazi chifukwa chosowa netiweki, zimenezi zinkamveka ngati yankho la mavuto onse.

Amene anandibweza ndi mlamu wanga, amene amaika zipangizo za sola ndipo amakhala cha ku Chongwe. Iwo mbale ali nayo, ndipo nditapita kukaiona Loweruka lina ndinachita nayo chidwi, chifukwa fayilo imene kwathu inkatenga mphindi khumi inatsika ndisanamalize kuthira shuga mu tiyi. Koma iwo anatenga pensulo ndi chikuto cha katoni n'kunena kuti, "Alamu, musanatulutse ndalama, tiyeni tione kaye zimene batire lanu lingakwanitse." Mbale yaikulu ija pamodzi ndi rauta yake imadya mawati a pakati pa 75 ndi 100. Ikayaka maola asanu ndi atatu, ndiye kuti yatenga mawati-ola 600 kapena kuposerapo. Batire langa ndi la 100Ah pa mavoti 12, kutanthauza mawati-ola 1,200 pa pepala, koma mabatire a mtovu ngati langali safuna kutsitsidwa kupitirira theka, apo ayi amafa msanga. Pa katoni paja zinaoneka poyera kuti mbale yokhayo ikanamaliza mphamvu yonse imene ndili nayo, kompyuta isanayatsidwe n'komwe, pamene rauta ya simukhadi imakhutira ndi mawati khumi kapena ocheperapo. Pali mbale yaing'ono yotchedwa Mini imene imadya mawati a pakati pa 25 ndi 40, ndipo imeneyo batire langa likanaipirira, komabe mtengo weniweni wa intaneti ya kumwamba m'nyumba yopanda magetsi odalirika umaphatikizapo mapanelo ndi batire lina, zinthu zimene sizilembedwa pa tsamba logulitsira.

Chachiwiri chinali thambo. Mbaleyo imafuna kuona kumwamba kopanda chotchinga, ndipo pulogalamu yake ya pafoni imakuuzani kuti muzungulitse kamera m'mwamba kuti ione zimene zingatseke njira. Nditayesa pabwalo pathu, mtengo wa mango wa eni nyumba ndi thanki ya madzi ya aneba zinadya mbali yaikulu ya chithunzicho. Njira yokha inali kuboola malata n'kuimika chitsulo padenga, ndipo amene anachitapo lendi mu Lusaka akudziwa kuti nkhani yoboola denga la mwini siyambika wamba. Mlamu wanga anandiuzanso mosabisa kuti mvula yamphamvu ya mu January ikamagwa, intaneti yawo imachedwa kapena kuduka kwa mphindi zingapo mpaka mtambo utadutsa.

Kenaka panabwera chinthu chimene chinasintha kaganizidwe kanga konse. Chakumapeto kwa 2024, Starlink inaimitsa kulandira makasitomala atsopano a m'nyumba mu Lusaka, monganso inachitira ku Harare ndi ku Nairobi, chifukwa malo anali atadzaza. Poyamba zinandidabwitsa kuti kumwamba kungadzaze bwanji, koma chifukwa chake n'chosavuta kumva. Setilaiti iliyonse imagawa mphamvu yake ku tizigawo ta pansi, ndipo onse okhala m'kachigawo kamodzi amamwera pa chitsime chimodzi. Ku famu kumene mbale zili ziwiri kapena zitatu, aliyense amatunga mokwanira, koma mu mzinda umene nyumba zathithikana ngati Kabwata kapena Matero, chitsimecho chimachepa. Ndi vuto lomwe lija la nsanja ya netiweki nthawi ya madzulo, pamene aliyense waweruka n'kuyamba kuonera mavidiyo. Apa m'pamene ndinazindikira kuti makina amenewa amasonyeza mphamvu zake zenizeni kumene anthu ali patalipatali, pamene nsanja zimamangidwa mochuluka kumene anthu ali ambiri, chifukwa n'kumene makampani amapeza phindu. MTN inayatsa 5G mu Lusaka chakumapeto kwa 2022, Airtel n'kutsatira mu 2023, ndipo ife a m'tauni ndife amene tinayamba kuilawa.

Za ndalama sindichulukitsa mawu, popeza mitengo imasintha. Starlink itangofika, zipangizo zake zinkagulidwa pa makwacha oposa 10,000, ndipo mwezi uliwonse munthu ankalipira oposa 700 kudzera pa khadi la ku banki. Kwa banja lalikulu limene ana amaonera mavidiyo tsiku lonse, ndalama imeneyi ikhoza kuchepa poyerekeza ndi mabandulo, ndipo amene amati mabandulo amatha ngati mchere m'madzi sakunama. Koma ntchito yanga ndi manambala ndi makalata, zinthu zopepuka, ndipo ndalama zanga sizibwera mofanana mwezi ndi mwezi. Bandulo ndimaigula pa foni ndi ndalama imene ndili nayo tsiku limenelo, yaikulu pamene makasitomala alipira, yaing'ono pamene achedwa.

Choncho ndinakonza zimene ndinali nazo kale. Ndinagula simukhadi ya kampani yachiwiri, chifukwa si nthawi zonse pamene netiweki ziwiri zimagwa pamodzi, ngakhale kuti nthawi zina makampani amabwereka nsanja imodzi ndipo ikazima onse amazima. Kwa sabata yathunthu ndinkayeza liwiro la iliyonse m'mawa, masana ndi cha m'ma 20 koloko, n'kumalemba m'kope, ndipo ndinapeza kuti imene inali yothamanga m'mawa ndiyo inkafooka kwambiri madzulo. Rauta ndinaichotsa pa tebulo n'kuikhomera shelefu pamwamba pa windo loyang'ana kumsewu, ndipo timizere ta netiweki tinakwera kuchoka pa tiwiri kufika pa tinayi. Ndinaigulira kabatire kakekake kakang'ono kuti isamadye za kompyuta. Ndinasinthanso kagwiridwe ka ntchito, moti mapepala a msonkho ndimawatumiza pa tsiku la 7 kapena la 8 la mwezi, m'mamawa anthu asanadzuke. Sindinganene kuti mavuto anatheratu, chifukwa magetsi akazima kwa nthawi yaitali netiweki imafookabe, koma chiyambire pamenepo palibe kasitomala wanga amene walipira chindapusa.

Mbale tinaigulabe, koma si ya kuno. Kwathu ndi ku Katete, mudzi wa patali ndithu ndi msewu wa Great East, kumene amayi akafuna kutiimbira ankayenda mpaka pa chulu cha kuseri kwa dimba, pamene foni imagwira kamzere kamodzi. Kumeneko kulibe simukhadi yachiwiri imene ingathandize, chifukwa nsanjayo ili kutali kwa onse. Tinasonkherana ana anayi, tinagula Mini, ndipo mlamu wanga anapita kukaiika pa mlongoti pakati pa bwalo, pamodzi ndi panelo ndi batire lake. Thambo la kumudzi lilibe thanki ya aneba. Mng'ono wanga amene amalima soya ndi mtedza tsopano amaona mitengo ya ku Chipata ndi ya kuno asanalole ogula oyendayenda kumuuza mtengo wawo, ndipo mphunzitsi wa pa sukulu yapafupi amabwera madzulo kudzatsitsa zophunzitsira. Chimene mbaleyo siinathetse ndi mauthenga a SMS, monga manambala achinsinsi ochokera ku banki ndi zina za ndalama za pafoni, zimene zimafunabe netiweki ya nsanja, kotero ulendo wa pa chulu sunatheretu.

Ndalama ya mwezi ndi mwezi timaigawana anayi, ndipo ine ndi amene ndimailipira pa khadi langa ena akanditumizira. Lamlungu lapitali amayi anandiimbira pa WhatsApp ali khale pa mkeka pakhonde, ananditembenuzira foni kuti ndione nkhokwe imene akumanga, ndipo anandifunsa kuti, "Mwanawe, kodi ukundiona bwinobwino?" Ndinawayankha kuti ndikuwaona, ngakhale mphale imene anayanika kumbuyo kwawo, ndipo chithunzi chawo chinafika kwa ine kudzera pa rauta ija ya pamwamba pa windo.