Lachinayi, inki m'zikhadabo

Ndikulemba zala zili bii, sopo walephera. Kwatsala masabata awiri kuti titsegule chionetsero chathu cha zithunzi zodinda, anthu asanu, ndiye lero tinakumana kwa achimwene ku Chilomoni poti ndi okhawo ali ndi makina opanikizira. Enafe timadalira supuni. Umaika pepala pa lino (linoleum, wokhala ngati rabala, amene timasemapo chithunzi) wopaka inki, n'kumakhutiza ndi kumbuyo kwa supuni mpaka mkono kuwawa.

Sabata yonse ndakhala ndikusema mayi wogulitsa mandasi pa Wenela, beseni pamutu. Lino ngofewa kuposa thabwa, mpeni umangoyenda ngati ukusenda mbatata, koma ukalakwitsa palibe kumata. Pomwe wasema pamatuluka poyera, pomwe wasiya ndi pomwe pamagwira inki. Zimenezi ndimazidziwa ndithu. Chimene ndinaiwala n'chakuti chithunzi chimatuluka chotembenuka ngati pagalasi. Pansi pa chithunzicho ndinasema MANDASI mowongoka bwinobwino, ndipo titavundukula pepala loyamba mawuwo anayambira kumanja. Achemwali a ku Ndirande anaseka mpaka misozi.

Achimwene sanaseke. "Aphwanga, musataye. Semani mawuwo achoke, mayiyu safuna chikwangwani." Kenako anayamba za John Muafangejo wa ku Namibia, amene anaphunzira ku Rorke's Drift ku South Africa n'kumwalira mu 1987. Iye ankadzaza zithunzi zake za lino ndi ziganizo zathunthu, chilembo chilichonse chosemedwa motembenuza. Ine zilembo 7 zokha zandigwetsa.

Ntchito ya achemwaliwo ndiyo imandidabwitsa. Amapaka phula pa chitsulo cha zinc, kujambula ndi singano, n'kuchiviika mu asidi kuti adye mizereyo. Kwa iwo inki imalowa m'mizere, pamwamba amapukutapo, ndiye supuni siingathandize. Pepala liyenera kukhala lonyowa pang'ono ndipo makina apanikize zolimba. Fungo lake linatithamangitsira panja kawiri.

Masana tinakangana za mitengo. Mnyamata wathu wa monotype, luso lojambula ndi inki pa chinthu chosalala n'kudinda pa pepala, akuti chake chimatuluka chimodzi basi, ndiye chikwere mtengo. Zoona. Wina amafuna kudinda makope 50 kuti azigulitsa kwa azungu pa Victoria Avenue. Ine ndinakana, chifukwa ukalemba 3/15 ndi pensulo pansi pa pepala walonjeza wogula kuti makopewo ndi 15 okha. Komanso ubwino wa luso limeneli ndi woti mphunzitsi wa ku Zingwangwa akhoza kugula kope limodzi malipiro osatha. Tagwirizana 15 aliyense kupatula wa monotype uja, ndalama ya holo ndi mafelemu tisonkherana mofanana.

Pobwerera mu minibasi ndinapanira mapepala pakati pa makatoni awiri, kondakitala akundiuza ndilipire katundu. Losokonekera lija achemwali alitenga, akuti alikhoma kukhitchini kwawo.