Tazz yanga itazima pa maloboti

Linali Lachinayi mwezi wa June, cha m'ma 7 koloko usiku, kuzizira kwa ku Joni kuja kolowa m'mafupa. Ndinkachokera kuntchito ku Booysens kupita kunyumba ku Rosettenville pa Toyota Tazz yanga ya 2003, nditayatsa magetsi ndi hita. Nditaima pa maloboti, galimoto inangoti zii. Si injini yokha ayi. Dashibodi mdima, wailesi chete, magetsi akutsogolo onse othima. Ndinapotokola kiyi, sitata osamveka ngakhale kuti "ke". Kumbuyo taxi inali kale pa hutala ngati ndachitira dala.

Anyamata awiri anandithandiza kuikankhira pamalo omwetsera mafuta. Kuno suima pamdima boneti ili yasa, ngakhale vuto likhale laling'ono bwanji. Mumtima ndinali nditaweruza kale kuti batire yatha, ndipo ndinayamba kuwerengera marandi a lendi kuti ndidule pati. Ndinaimbira achimwene ena akwathu ku Mangochi amene amakonza magalimoto kuno ku Joni.

"Mahazadi akuyaka?" anafunsa ndisanamalize n'kufotokoza komwe.

"Ayi achimwene, palibe chikuyaka."

"Ndiye musagule batire kaye. Nthawi zambiri batire siifa ngati yawomberedwa. Imayamba yadwala, magetsi n'kumafiira, sitata n'kumakoka mwaulesi m'mawa. Zanuzo ndi njira ya moto yaduka penapake."

Funso la mahazadi lili ndi nzeru yake. Mahazadi, magetsi ophethira mbali zonse aja, amatenga moto osadzera pa swichi ya kiyi. Akamayaka koma dashibodi ili mdima, kakayikireni swichiyo kapena fyuzi yake. Akakhala kuti nawonso afa, vuto lili pafupi ndi batire: mitu yake, fyuzi yaikulu, kapena waya wa earth, wolumikiza mainasi ya batire ku bodi ya galimoto.

Mwamwayi mu buti ndimasungamo multimeter, mita yoyezera moto wa magetsi, ya maganyu anga a zamagetsi. Ndinaluma foni kuti tochi iwunike, n'kugunditsa timawaya pa mitu ya batire yeniyeniyo, pa mtovu, osati pa zomangira. Inawerenga mavolti 12.5. Batire yodzaza imakhala cha pa 12.6, choncho yangayo inalibe mlandu. Pa zomangira napo 12.5. Ndinayesa kuzigwedeza ndi dzanja, zinali zolimba. Ndinatsegula kabokosi kakuda ka mafyuzi kali pafupi ndi batire n'kusuzumira pa timawindo ta mafyuzi akuluakulu aja. Onse amoyo, palibe wopsa.

Apa ndi pamene ndikanasochera. Nditayeza kuchoka pa mutu wa pulasi kukagunda chitsulo cha bodi, mita inaonetsanso 12 ndi kanthu, ine n'kuti basi earth ili bwino. Achimwene anaseka pafoni. "Yatsani magetsi akutsogolo, muyezenso." Nditatero, nambala inagwa mpaka pansi pa 2. Mita imamwa moto wochepa kwambiri, moti ngakhale kawaya kamodzi kotsala kamainamiza. Koma mababu akafuna moto weniweni, polumikizira powola sipangadutse kanthu.

Kuti titsimikize, anandiuza nditenge jampa (waya wobwerekera moto ku batire ina) imodzi yokha, yakuda. Mbali ina ndinamanitsa pa mutu wa mainasi, inayo pa bawuti yoyera ya bodi. Nthawi yomweyo magetsi anati ngwee pakhoma la shopu, mpaka mnyamata wothira mafuta anawomba m'manja.

Ndinalondola waya wakuda kuchoka pa mainasi mpaka pamene wamangidwa ku bodi, kunsi kwa thireyi ya batire. Pamenepo ndi podontherapo asidi ndi madzi a mvula zaka zonsezi. Bawuti inali dzimbiri lokhalokha, ndipo nditakoka wayayo anangosomphoka m'manja. Nditasenda pulasitiki, m'kati munali ufa wobiriwira m'malo mwa kopa. Kunja amaoneka wabwinobwino. Ndikuganiza kuti pamsewu alternator, imene imatchaja batire injini ikamalira, inkabisa vutoli, koma pa maloboti injini ikuyenda pang'onopang'ono, hita ndi magetsi zikukoka, sinathenso kusenza yokha.

Kukonza kwa usiku umenewo kunali kongofikira kunyumba. Ndi sipanala ya 10 ndinamasula chomangira cha mainasi poyamba. Lamulo limeneli musaliphwanye: mainasi imachoka koyamba, imabwerera komaliza, chifukwa sipanala ikagunda bodi muli pa pulasi mainasi ikadali yomanga, imathetheka moto woti n'kukuwotchani zala. Ndinadula chigawo chowolacho, ndinapala bodi ndi mpeni mpaka chitsulo chinawala, n'kufinyira waya pansi pa bawuti ina yabwino. Kiyi kamodzi, injini inalira.

Loweruka ndinakagula waya watsopano wa earth kushopu ya masipeya, mtengo wake wosafika n'komwe pa theka la batire. Achimwene anawonjezanso wina wochoka ku injini kupita ku bodi, ati galimoto yokalamba imafuna awiri. Mitu ya batire tinaitsuka ndi madzi otentha osungunuliramo soda wophikira, n'kupaka girizi pang'ono titamanga. Injini ikulira mita inawerenga 14.1, bwinobwino pakati pa 13.8 ndi 14.4 pamene alternator yamoyo imayenera kukhala. Waya wowola uja anamutenga achimwene, akuti azikaonetsa makasitomala amene amabwera atagula kale batire.