Ndawerenga pepala lonse la FEAST usiku wathawu

Nditachoka ku wodi ya ana dzulo, ndinakhala pansi n'kuwerenga pepala lonse la kafukufuku wa FEAST, wokhudza kupatsa madzi a diripi mothamanga kwa ana odwala kwambiri, osati chidule chokha ayi. Linatuluka mu 2011 m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine. Anaunika ana oposa 3,000 a ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, otentha thupi kwambiri komanso magazi sakuyenda bwino m'thupi. Ena anawapatsa madzi ambiri a diripi mothamanga, ena ayi. M'maola 48 oyamba, mwa olandira madzi othamangawo anamwalira pafupifupi 10.5 pa 100 alionse, pomwe kwa enawo anali 7.3.

Mtima unandiwawa, chifukwa kuthamangitsa diripi kwa mwana wofooka kumaoneka ngati chifundo chenicheni.

Koma chimene chandigwira kwambiri chili mkati mwa pepalalo: ana otsegula m'mimba kwambiri, operewera zakudya m'thupi kwambiri komanso opsa ndi moto sanawalowetse m'kafukufukuyu. Wowerenga chidule chokha akhoza kumana madzi mwana wotsegula m'mimba amene akuwafunadi.

Anzanga a m'maphunziro, nthawi ndi yochepa, ndikudziwa. Komabe tiyeni tizisankha pepala limodzi pa sabata pa PubMed, tsamba la pa intaneti lopezerapo mapepala a kafukufuku wa zachipatala, tikumane Lachinayi madzulo, tikambirane. Ndani ali nane?