Chala kumanja, kamuvi pansi

Mtima wakhala m'malo tsopano. Kasikirini ka mainchesi 3.5 kamene kakhala kakundizunguza mutu pa kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi 4 kayamba kumvera chala, ndipo chandimasula si command yachinsinsi yotola pa intaneti ayi. Ndi ganizo limodzi, laling'ono moti kulinena mokweza limamveka lachibwana: kasikirini kameneka si chipangizo chimodzi. Ndi ziwiri zomatidwa pamodzi, ndipo china sichidziwa zomwe chinzake chikuchita.

Za kuika OS pa memory card, kuyatsa SPI ndi kulowa ndi SSH sindinenapo, tonse tinadutsamo. Polojekiti yanga ndi chofungatira mazira, ndipo kasikiriniko ntchito yake ndi kuonetsa kutentha ndi chinyezi, komanso mabatani okweza ndi kutsitsa. Chithunzi chimabwera bwinobwino. Koma ukayendetsa chala kupita kumanja, kamuvi kolozera pa sikirini kamatsika pansi. Ukadina batani lokweza kutentha, palibe chochitika, kapena limadinika lina la pakona ina.

Chojambula chithunzi ndi chip ya ILI9486, madontho 480 kwa 320, ndipo simuiona chifukwa inamatidwa pa galasi lenilenilo. Yomva chala ndi ina, XPT2046, ya miyendo 16, imene mukatembenuza bolodi muiona kumbuyoko. Ziwirizi zimabwerekana mawaya atatu a SPI, njira imene zimalankhulirana ndi Pi: MOSI pa pini 19, MISO pa pini 21, SCLK pa pini 23. Koma iliyonse ili ndi waya wake woiitanira. Chithunzi chili pa CE0, pini 24, kukhudza kuli pa CE1, pini 26. Zili ngati anthu awiri ochita lendi nyumba imodzi, khomo limodzi, mita ya magetsi imodzi, koma sapatsana moni. Ndiye ukalemba rotate=90 mu config.txt, failo ya masetingi a Pi, pa mzere wa chithunzi, wauza mmodzi yekha. Winayo akadali m'mene analili dzulo.

Ndipo winayo sadziwa n'komwe kuti kuli chithunzi. Apa ndi pamene panandikoma. Sikirini ya resistive ili ndi timapepala tiwiri topyapyala todutsa magetsi, tosiyana kampata kakang'ono. Ukadina, timakhudzana. XPT2046 imaika magetsi m'mbali ziwiri za kapepala kamodzi n'kuyeza pa kanzakeko, kenako n'kutembenuza kuti ipeze mbali inayo. Ndi voltage divider yomwe ija ya chaka choyamba, basi. Zimene yayezazo imazisandutsa nambala ya 12-bit, kuyambira 0 mpaka 4095. Sidziwa kumwamba, sidziwa kumanzere, sidziwa kuti pali madontho 480. Imangotulutsa manambala awiri ndi lachitatu la mphamvu ya kudinako. Kuti manambalawo agwe pa batani loyenera ndi ntchito ya wina pamwamba, ndipo winayo ukapanda kumuuza kuti chithunzi watembenuza, iye adziwa bwanji?

Chimene chinandionetsa zonsezi ndi evtest, pulogalamu yoonetsa manambala amene chipangizo chikutumiza, ndipo ndinene poyera kuti kuyambira lero aliyense wondifunsa za touch ndizimuyankha ndi liwu limodzi lomweli. Umalemba sudo evtest, imakuonetsa zonse zili mu /dev/input, umasankha ija yolembedwa ADS7846 Touchscreen. Dzinalo lisakusokonezeni, XPT2046 imalankhula mofanana ndi ADS7846 ya Texas Instruments, ndiye driver ndi yomweyo. Kenako umaika chala pa galasi, mizere n'kuyamba kugwa: ABS_X, ABS_Y, ABS_PRESSURE, BTN_TOUCH.

Ndinaika kapulasitiki kodinira pakona ya kumanzere kumwamba n'kukakoka pang'onopang'ono kupita kumanja, maso ali pa laputopu. ABS_X inangoima cha pomwepo, kugwedera pang'ono chabe. Imene imathamanga inali ABS_Y. Kukoka kuchokera kumwamba kutsika pansi, ABS_X ndiye inayenda, koma chobwerera, kuchokera cha m'ma 3900 kutsikira cha m'ma 200. Pamenepo nkhani yonse inali pa mbalambanda: X ndi Y zasinthana, ndipo imodzi yazondoka. Waya palibe woduka, chip ndi yamoyo, kasikirini si kabodza. Ndinaonanso kuti m'mphepete manambala safika pa 0 kapena pa 4095, n'chifukwa chake ngakhale utawongola mbali, kamuvi kamatsalira pang'ono ukamayandikira kukona.

Ubwino wa evtest ndi woti imadula vuto pakati. Manambala akamabwera, siyani kugwedeza mawaya, vuto lili pamwamba. Dzina la touch likapanda kuoneka pamndandanda, driver sinadzuke, pitani ku dtoverlay ndi dmesg. Dzina likaoneka koma ukadina kuli zii, yambani ndi penirq, waya umene chip imakodolera Pi kuti chala chafika. Pa bolodi yanga ndi GPIO17, pini 11, koma mabolodi ena ali pa GPIO25, ndipo ukakopera mzere wa munthu wina osayang'ana, Pi imangodikira pa khomo lolakwika.

Mnzanga wina akuti ndikuikokomeza. Yake inali sikirini yoyera mbee, nyale yakumbuyo ikuyaka koma chithunzi palibe, ndipo amati evtest ilowapo bwanji pa vuto la chithunzi. Ine ndikuti imalowapo. Ngati touch ikutulutsa manambala abwino, ndiye kuti SCLK, MOSI ndi MISO zili bwino, chifukwa ndi mawaya omwewo. Wachotsapo atatu osagwira mita yoyezera mawaya. Otsala ndi CE0, DC, RESET, kapena driver ya chip ina, monga kuipatsa ya ILI9341 pamene galasi ndi la ILI9486. Anandiyang'ana ngati ndikugulitsa mankhwala ochiza matenda onse. Mwina. Koma ngakhale pa masikirini a capacitive, amene touch yake imadutsa pa I2C, ukatha kuona 0x38 ya ma chip a FocalTech kapena 0x5D ya GT911 ndi i2cdetect, umabwererabe kwa evtest yemweyo.

Kuwongolako ndiye kunali kwa manambala asanu ndi limodzi. libinput, pulogalamu imene imasandutsa manambala a touch kukhala malo a kamuvi, imatenga X ndi Y, n'kuziika pakati pa 0 ndi 1, kenako n'kuchulukitsa ndi matrix. Imene inafunika kwa ine ndi ya kutembenuza madigiri 270, imene ndi 0 1 0 -1 0 1. Poyamba ndinkaiona ngati nambala ya foni. Koma iwerengeni m'magulu a atatu: X watsopano ndi Y wakale, Y watsopano ndi 1 kuchotsa X wakale. Kusinthana kuja ndi kuzondoka kuja, zonse zili mommo. Ya madigiri 180 ndi -1 0 1 0 -1 1, ndipo tsopano nditha kuilemba osayang'ana paliponse, chifukwa ikungonena kuti zonse ziwiri zichotsedwe ku 1. Umaiika mu udev rule ngati LIBINPUT_CALIBRATION_MATRIX, kuyatsanso Pi, kamuvi n'kubwera pansi pa chala. Kukonza za m'mphepete zija ndi kukuza ma 1 aja pang'ono n'kusuntha nambala yachitatu ndi yachisanu ndi chimodzi, palibenso china.

Apa ndiye pamandiwawa. Ma matrix tinaphunzira semesita yathunthu. Tinachulukitsa, tinapeza determinant, tinalemba mayeso, ena anabwereza. Palibe tsiku ndi limodzi lomwe limene wina anati, taonani, foni ili m'thumba mwanuyo ikuchita zimenezi nthawi iliyonse mukaitembenuza. Aphunzitsi a masamu ali mbali yawo, a ku labu mbali yawo. Ku labuko anatipatsa pepala lakuti koperani script ya ogulitsa, ithamangitseni, dikirani Pi iyakenso. Titafunsa kuti script ikuchita chiyani, yankho linali lakuti nthawi yatha, gulu lina likudikira panja.

Chonsecho pepalalo lilibe deti, ndipo dziko linasuntha. Kuyambira pa Raspberry Pi OS Bookworm ya 2023, config.txt ili mu /boot/firmware, osati mu /boot. Pa Pi 4 ndi Pi 5 desktop inasamukira ku Wayland kuchoka ku X11, njira yakale yoonetsera zithunzi. xinput_calibrator imene aliyense amakuuza kuti uike, ija yodina timitanda tinayi, imalemba mizere ya evdev ya pa X11, imene libinput saiwerenga. Umadina timitanda tonse mwaulemu, umasunga failo, kuyatsanso, palibe chasintha. fbcp yokopera chithunzi kupita ku kasikirini inkadalira DispmanX, imene siyenda ndi driver ya KMS. Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwa zonsezi zisanachitike, ndipo amene anawalemba sananame, zinkagwiradi nthawi yawoyo. Koma iwe wogula bandulo ya tsiku limodzi umatha theka lake kukopera zinthu zimene zinafa kale. Sindikuti aphunzitsi athu sadziwa. Ali ndi makalasi ambiri, zipangizo n'zochepa, tisikirini timachita kulandizana, magetsi akathima labu yatha. Komabe chiganizo chimodzi chokha, chakuti chithunzi ndi touch n'zosiyana ndipo muziyese padera, sichikanadya ngakhale mphindi imodzi.

Chatsala n'chakuti kamuvi kamanjenjemera. Ukagwira malo amodzi osasuntha, manambala mu evtest amadumphadumpha, nthawi zina pang'ono, nthawi zina mokwanira kuti batani loyandikana nalo lidinike. Pa chofungatira mazira zimenezo si zoseketsa. Ndinatsitsa speed pa mzere wa ads7846, poti chip imeneyi siifuna kuthamangitsidwa kupitirira cha pa 2 MHz, ndipo zinachepako. Ndinakuzanso mabatani, zimene ndi kubisa vuto osati kulichotsa. vcgencmd get_throttled inandipatsa 0x50000, kutanthauza kuti magetsi anatsikapo pansi pa 4.63V nthawi ina chiyatsireni. Pi 4 imafuna 5.1V ndi 3A, ine ndikuidyetsa ndi tchaja ya foni, ndiye aliyense akuti vuto ndi lomwelo, gula adaputa yeniyeni.

N'kutheka. Koma datasheet ikunena kuti poyeza X ndi Y mu differential mode, chip imayerekeza ndi magetsi omwewo amene yaika pa kapepala kaja, ndiye akatsika amatsikira limodzi ndipo nambala siyenera kusintha kwenikweni. Ngati ndamva bwino pamenepo, tchaja ingakhale ikunamiziridwa, ndipo wolakwa angakhale phokoso lochokera ku relay ya hita, kapena kungoti galasi lotchipa ndi lotero. Ndiyesa kuzimitsa hita n'kuonanso manambala, kenako ndibwereke adaputa ya mnzanga uja wa sikirini yoyera. Zikapitirirabe kunjenjemera pa zonse ziwiri, evtest indionetsa kuti zikunjenjemera, koma chifukwa chake sindikuona kuti indiuza bwanji.