BP ya munthu woimirira

Sabata ino pa wodi panabwera agogo ena a ku Kawale odwala Parkinson, nthenda ija yonjenjemeretsa ndi kuumitsa thupi, imene James Parkinson anaifotokoza ku London mu 1817. Mwana wawo, yemwe ndi gadiyani, anati agwa kawiri mwezi uno, konseko m'mamawa popita kuchimbudzi. Ndinawayeza BP ali pampando, ndinapeza 150/90, mumtima n'kuti chowagwetsa ndi kuuma kwa miyendo basi. Adokotala otiphunzitsa anangondifunsa kuti, "Mwawayeza ataimirira?"

Tinawagoneka chagada mphindi 5: 160/92, mtima ukugunda ka 72. Ataimirira mphindi 3, dzanja langa lili kumsana kwawo, inali 118/70, mtima ka 78. "Mwana wanga, m'maso mwada," anatero.

Usiku ndinabwerera ku mabuku. Munthu akadzuka, magazi okwana theka la lita kapena kuposerapo amatsikira m'miyendo ndi m'mimba. Kwa ife abwinobwino, minyewa yonyamula mauthenga m'thupi imatulutsa mankhwala achilengedwe otchedwa noradrenaline, mitsempha ya magazi n'kufinyika, mtima n'kuwonjezera liwiro. Parkinson siwononga ubongo wokha, imawononganso minyewa imeneyi. Nambala yapamwamba ya BP ikatsika ndi 20, kapena yapansi ndi 10, mphindi 3 zisanathe chiimirireni, ndiye orthostatic hypotension.

Chandigwira mtima kwambiri ndi kugunda kuja. Munthu amene watha madzi m'thupi chifukwa chotsekula m'mimba, BP ikatsika mtima umathamanga kuti ubwezeretse. Wa agogowa unangowonjezera 6 pomwe BP yagwa ndi 42. Ukagawa 6 ndi 42, yankho silifika pa 0.5, ndipo zikatero vuto limakhala la minyewa. Chida chake ndi makina a BP ndi wotchi, zomwe zilipo ngakhale pa chipatala chaching'ono.

Funso lomwe landisowetsa tulo ndi ili: kodi tikanadziwiratu asanagwe? Ndikuona kuti inde, tikanayamba kukayikira kale. Pafupifupi wodwala Parkinson mmodzi mwa atatu alionse ali ndi vutoli, ndipo ambiri samva n'chizungulire chomwe. Chiopsezo chimakula ndi zaka za munthu komanso zaka zomwe wadwala. Kudzimbidwa, kuvutika ndi mkodzo, kufuula ndi kuponya manja m'tulo ngati akumenyana ndi munthu, zonsezi zimayendera limodzi ndi kuwonongeka kwa minyewa ija. Nditafunsa gadiyani, anati zakufuula m'tulo zinayamba kalekale, apabanja ankangoti ndi maloto oipa. Palibe anawafunsapo. Nanenso sindikanafunsa.

Kenako mankhwala. Levodopa amene amawathandiza kuyenda amatsitsanso BP, ndipo m'buku lawo lakuchipatala munalinso hydrochlorothiazide, mankhwala okodzetsa otsitsa BP. Apa mpomwe ndinachita mantha, chifukwa ndi 150/90 yanga ija ndikanaganiza zoonjezera mankhwala a BP. Anthu omwewa akagona BP imakwera, akaimirira imagwa.

Za mankhwala anakonza ndi adokotala. Ine anandituma kukafotokozera gadiyani: agogo azikhala kaye m'mphepete mwa bedi asanaimirire, azimwa madzi asanadzuke, kumutu kwa bedi aikeko njerwa. Ndi kutentha kwa Okutobala kuno ku Lilongwe, akadya nsima yamasana asamafulumire kunyamuka. Mayiyo anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga usiku, poti chimbudzi chili panja?" Tinagwirizana kuti chidebe chizikhala pafupi ndi bedi.