Pa nambala 18 Zambezi unatigubuduza

Anzanga akaona chithunzi changa ndili m'bwato la mphira pakati pa thovu, funso lawo limakhala limodzi: mtsinje umenewu ndi wa giredi chani? Amafunsa choncho chifukwa mitsinje ya masewera opalasa bwato m'mathithi imapatsidwa magiredi kuyambira 1 mpaka 6. Giredi 1 ndi madzi oyenda mwaulemu, 3 ndi mafunde okunyowetsa ndi kukuseketsa, 5 ndi pofunika wowongolera wodziwadi ntchito, pomwe 6 ndi pamene ngakhale akatswiri amatsika n'kuyenda wapansi. Funsolo si loipa, koma ine posankha mtsinje ndimayamba ndi lina: ndikagwa m'bwato, kumunsi kwa mathithiwo kuli chiyani?

Ndinasankha Zambezi, chigawo cha kumunsi kwa Victoria Falls chimene chimadutsa m'chigwa chakuya cha Batoka, pamalire a Zambia ndi Zimbabwe. Ukawerenga za mtsinje umenewu mtima umagunda, pakuti mathithi ake angapo ndi a giredi 5. Komatu uli ndi chifundo chake. Madzi ndi ambiri ndiponso akuya, si ozizira, ndipo mathithi ambiri amathera m'dziwe labata mmene anthu ogwa amatoledwa mmodzimmodzi. Taganizirani tsono kamtsinje ka m'mapiri ka giredi 3, kosaya, kodzaza miyala, kamadzi ozizira kwambiri, kamene mathithi ake amangotsatizana osapereka mpata. Ukagwa mmenemo umapita ukumenyetseka m'miyala, zala zitauma, ndipo palibe pokudikirira. Wongoyang'ana nambala angaganize kuti wasankha kofewa.

Nyengo nayo imasokoneza ambiri. Pa Zambezi mathithi amalusa madzi akachepa, cha mu Ogasiti mpaka Disembala, chifukwa matanthwe apansi amayandikira pamwamba n'kumakankha madzi kukhala mafunde ataliatali ndi maenje. Mathithi a m'chigwachi amatchulidwa ndi manambala motsatana, ndipo nthawi imeneyo mabwato amayambira pa nambala 1, pafupi ndi mlatho wakale wa Victoria Falls wa 1905. Madzi akakwera amayambira kumunsi, ndipo akasefukira cha mu Epulo ulendo umaimitsidwa. Choncho munthu akakuuzani kuti mtsinje wakutiwakuti ndi wosavuta, mufunseni kuti anapitako mwezi uti. Ife tinapita mu Okutobala, dzuwa likuwotcha kuyambira m'mawa.

Za kutsetsereka kulowa m'chigwamo ndingoti mawondo ananjenjemera tisanakhudze n'komwe madzi. Chipewa choyamba chimene anandipatsa chinali ndi chomangira chong'aluka. Ndinabweza, ndipo wogawa zidayo anandiyang'ana moipidwa asanandipatse china. Musachite manyazi pa zimenezi, mutu ndi wanu. Kenako wowongolera bwato lathu anabwera kudzaona jekete yanga yoyandamitsa. "Mukupuma bwino, akulu?" Ndinati eya. "Ndiye kuti sinathine." Anakoka malamba mpaka nthiti zinamva, n'kundigwira m'mapewa a jekete kundinyamula pang'ono kuti aone ngati ikwera kufika m'makutu. Anatiuzanso kuti dzanja lisachoke pamutu pa nkhafi, chifukwa anthu ambiri amagululidwa mano ndi nkhafi ya mnzawo, osati mwala.

Mathithi oyambirira anadutsa mwa phokoso ndi kukuwa, sindingathe kuwasiyanitsa bwino. Amene ndimakumbukira ndi nambala 9, otchedwa Commercial Suicide, chifukwa sitinawadutse m'bwato. Tinakocheza, n'kuyenda pa miyala yakuda yotentha, bwato n'kulitsitsa lopanda alendo. Mnyamata wina wa m'gulu lathu anayamba kung'ung'udza kuti iye walipira ndalama za mtsinje wonse. Wowongolerayo sanamuyankhe, anangomuloza dzenje la madzi limene linali kudzizungulira lokha pakati pa mathithiwo. Kuyambira pamenepo ndinamukhulupirira munthu ameneyu. Kampani imene imalonjeza kukudutsitsani paliponse ndi yoithawa.

Tsono nambala 18, Oblivion. Tili m'dziwe la kumtunda kwake wowongolera anaimitsa bwato n'kufotokoza kuti kutsogoloko kuli mafunde akuluakulu atatu, ndipo lachitatulo ndi limene limagubuduza mabwato. Anati tisankhe: pakati, kapena m'mbali mozemba. Onse anakuwa kuti pakati. Ine ndinangokhala chete, manja ali nyenye.

Funde loyamba tinalikwera bwino. Lachiwiri linatidzaza madzi kumaso moti ndinkapalasa mpweya. Ndinamva mawu akuti "Pansi! Gwirani chingwe!" ndipo ndinagwada m'bwato n'kugwira. Lachitatu sindinalione ngati funde, ndinangoona khoma lobiriwira lili pamwamba pathu. Bwato linaima chilili, linakhala ngati likuganiza, kenako mbali ya kumanzere inakwera, miyendo ya munthu wina inadutsa pamaso panga, basi phokoso lonse linazima.

Pansi pa madzi otere sudziwa kumwamba ndi kuti. Kulikonse n'koyera ndi thovu, ndipo thovu silikunyamula monga amachitira madzi enieni, ndiye umachedwa kutulukira. Thupi limafuna kumenya miyendo ndi kulimbana. Ndinakumbukira zimene anatiuza, kuti udzikunge, utseke pakamwa, jekete igwire ntchito yake. Inagwiradi. Ndinamva ikundikoka, koma mutu unagunda chinthu chofewa: ndinali pansi pa bwato logubuduzika. Mmenemo muli mdima ndi kampweya pakati pa mipando yopopa. Ndinapuma kamodzi, n'kuyamba kuyenda ndi manja chagada kulowera mbali imodzi. Mfundo yake ndi yakuti usasinthe njira. Ukapita uku n'kubwerera uko umangozungulira pansi pomwepo. Nditatulukira kuwala, funde lina linandimenya kumaso ndikukoka mpweya, ndipo ndinameza madzi okwanira. Apa m'pamene ndinamvetsa za kupuma pakati pa mafunde: ukatsika m'chigwa cha funde upume, likamabwera utembenuze nkhope.

Ndinagona chagada, mapazi kutsogolo, zala za kumapazi zili pamwamba pa madzi. Munthu wa kabwato kakang'ono ka kayak, amene ntchito yake ndi kudikira kumunsi kwa mathithi alionse, anafika pambali panga ndisanamuone. "Gwirani kumbuyoku, mdala! Menyani miyendo!" Anandikoka mpaka m'dziwe, pomwe wowongolera wathu anali ataimirira kale pamsana pa bwato, akulitembenuza ndi chingwe. Pondikweza sanandigwire manja. Anandigwira m'mapewa a jekete muja, anandiviika pang'ono, n'kundiponya m'bwato ngati thumba la simenti. Jekete ikanakhala yokhwepa, bwenzi iye atatsala nayo m'manja, ine ndili m'madzi.

Ndikanalumbira kuti ndinakhala pansi pa madzi mphindi yathunthu. Kanema amene anatijambula akuonetsa masekondi ochepa chabe. Ndipo za ng'ona ndinaziganiza nditakwera kale m'bwato; tinaona ting'onoting'ono tikuwothera dzuwa pa miyala m'madziwe abata, n'chifukwa chake sulumphira m'madzi kukasambira wowongolera asanalole.

Pali zinthu ziwiri zimene Zambezi sunandionetse koma zimapha anthu m'mitsinje ina. Choyamba ndi kuimirira m'madzi othamanga. Munthu akaona kuti mposaya amafuna kuponda pansi, phazi n'kulowa pakati pa miyala, madzi n'kumugwetsa chafufumimba ndi kumupanikiza pomwepo, ngakhale atamufika m'chiuno mokha. Osaimirira mpaka madzi atadekha. Chachiwiri ndi mtengo wogwera mumtsinje: madzi amadutsa m'nthambi, munthu sadutsa. Ukauona patsogolo siya zogona chagada, sambira mwamphamvu kuuthawa. Pa mtsinje wopapatiza wa m'nkhalango, makamaka mvula itangogwa, ndingafunse kuti ndani waudutsa posachedwa. Ndingafunsenso ngati pali wa kayak wotsagana nanu, komanso kuti wovulala amamutulutsa bwanji m'chigwa. Inshuwalansi ya ulendo nayo iwerengeni bwino, zina sizilipira ngozi za masewera otere. Mowa udikire madzulo.

Chimene palibe amene amachiika pa zithunzi zotsatsa malonda ndi chitunda chotulukira. Watha tsiku ukupalasa, manja alema, ndiyeno akuti kwera phompho loposa mamita 100 pa makwerero a mitengo, dzuwa la masana lili pamutu. Ndinaima kambirimbiri ndili wefuwefu. Amene ali ndi vuto la mtima kapena mawondo afunse za chitunda chimenechi asanalipire, chifukwa kwa ena n'choopsa kuposa mathithi. Valani nsapato zomanga bwino, zopatapata zimapita ndi funde loyamba. Pokwerapo anatipitirira anyamata osenza mabwato ophwetsedwa ndi nkhafi, ena atavala nsapato zong'ambika, akukwera mothamanga. Pa ndalama yothokoza anthu amakumbukira wowongolera yekha. Sungani ina ya iwowa, ndipo muwapatse m'manja mwawo.

Tili pamwamba nkhani inatembenukira ku damu. Maboma a Zambia ndi Zimbabwe akhala akukonza zomanga damu la magetsi m'chigwa cha Batoka, ndipo likadzamangidwa madzi adzabwerera m'mbuyo n'kumiza ambiri mwa mathithi amenewa. Zinachitikapo ku Jinja, m'dziko la Uganda, kumene damu la Bujagali linamiza mathithi otchuka a mtsinje wa Nile litatha kumangidwa mu 2012, kenako la Isimba mu 2019 linatenganso ena. Magetsi ndi ofunika, sindingatsutse, ndipo sindingauze munthu wokhala mumdima kuti adikire chifukwa ine ndikufuna kugubuduzika m'bwato. Kungoti ndinaganizira osenza mabwato aja, kuti iwo adzapita kuti.

Kanema uja ndinagula, ngakhale mtengo wake unandipweteka. Amakuuza za iye uli wotopa, wosangalala kuti uli moyo, nthawi imene sungathe kunenerera. Ndipo pa nambala 18 wojambulayo anatsata bwato, moti ine ndikuoneka phazi lokha.