Zikomo nonse, digiri ija yatheka

Abale ndi alongo, uthenga wafika kuchokera kuyunivesite kuno ku South Africa kuti aphunzitsi oyesa avomereza kafukufuku wanga, ndipo digiri ya Masters ija yatheka. Ndisanachite china chilichonse ndati ndigwade pansi ndiombe m'manja, chifukwa pandekha sindikanafika pano.

Ambiri munkandifunsa kuti kodi mulabotale umo ndimachita chiyani mpaka usiku. Ndimaweta maselo a khansa yotchedwa rhabdomyosarcoma, imene imagwira kwambiri ana. Imayamba m'maselo amene anayenera kusanduka minofu, ndipo chotupa chake chimatha kutulukira kuseri kwa diso, m'khosi, m'chikhodzodzo, pamkono kapena pamwendo. Selo la minofu labwinobwino likafika nthawi yake limasiya kugawikana, limalumikizana ndi anzake n'kupanga ulusi wautali umene umakoka fupa. Maselo a khansa iyi ali ngati mwana wokana kukula: zonse zoyenera kuti akhwime ali nazo, ngakhale puloteni ya MyoD imene gulu la Harold Weintraub linaitulukira ku Seattle mu 1987 kuti ndiyo imalamula selo kukhala la minofu, koma lamulolo silimveka, iwo n'kumangochulukana. Funso langa linali lakuti, m'malo mowapha ndi mankhwala aukali, kodi tingawakakamize kumaliza kukhwima kuti asiye okha kuchulukana?

Funsoli silinayambe ndi ine. Ndithokoze madokotala a ku Shanghai, motsogozedwa ndi Wang Zhenyi, amene mu 1988 analengeza kuti mankhwala a ATRA, ochokera ku vitamini A, amakhwimitsa maselo a mtundu wina wa khansa ya m'magazi, acute promyelocytic leukaemia. Matenda amene ankapha munthu m'masabata ochepa lero ambiri amachira nawo. Tonse ofufuza za kukhwimitsa maselo a khansa timayenda m'mapazi awo, ngakhale kuti zotupa zolimba ngati iyi ya minofu zavuta kwambiri kuposa ya m'magaziyo.

Apulofesa anga, zikomo. Munandikaniza kukhulupirira maso okha. Maselo ndikawathira mankhwala otchedwa TPA, kapena ena monga trametinib otseka MEK, puloteni yolimbikitsa selo kugawikana, ankatalika ndipo ena ankalumikizana n'kukhala ndi manyukiliyasi angapo m'selo limodzi. Ine n'kumathamanga kudzakuuzani. Inu mumangoti, “Wayeza myogenin? Nanga myosin waiona?” Pamenepo ndinaphunzira kuti selo lotalika likhoza kungokhala lodwala, ndipo kukhwima kwenikweni kumatsimikizika ndi mapuloteni a minofu amene selolo layamba kupanga. Munandiletsanso kubisa zosasangalatsa: si maselo onse anamvera, ndipo ena mankhwala atachotsedwa anayambiranso kugawikana. Gawo limenelo ndi limene oyesa analiyamikira koposa.

Kwa mayi amene amasamalira labotale yathu, mawu akundichepera. Maselowa amafuna kutentha kwa madigiri 37 ndi mpweya wa carbon dioxide wa 5 peresenti usana ndi usiku. Nthawi ina magetsi atazima makina osungiramo maselo anafa, ndipo ntchito ya miyezi yambiri inapita. Ndinali nditatsala pang'ono kulongedza zikwama. Inu munandigwira dzanja, munakatulutsa timabotolo timene munandiumiriza kale kuti ndisunge mu nayitrojeni wamadzi, wozizira madigiri 196 kunsi kwa ziro, ndipo tinayambiranso limodzi. Mulungu akudalitseni, mayi.

Pali wina amene sangawerenge mawu awa. Maselo amene ndinagwiritsa ntchito amatchedwa RD, ndipo anachokera m'chotupa cha m'chiuno cha mtsikana wa zaka 7 ku America. Robert McAllister ndi anzake anawafotokoza mu 1969, ndipo mpaka lero akukulabe m'malabotale a dziko lonse. Maselo omwewa ndi amene malabotale ofufuza poliyo amagwiritsa ntchito pomeretsa kachilomboka, choncho aliyense wokumbukira mmene tinadzidzimukira mu February 2022 poliyo atapezeka ku Lilongwe adziwe kuti mwana ameneyu akutumikira ngakhale ana athu. Nthawi zambiri ndikamaika mbale ya maselowa pa maikulosikopu ndimaganizira makolo ake. Ndikuthokoza banja limenelo ndi mtima wonse.

Mayi anga, munagulitsa mbuzi kuti ndipeze ya ulendo, ndipo simunadandaulepo kuti maphunziro akuchedwa. Amalume, inu mumati mukaimba foni mumayamba ndi kufunsa ngati “ana ako a m'botolo” adya. Achimwene, mwasenza udindo wa pakhomo umene unali wa tonse awiri. Anzanga a kumpingo kuno, ndi Amalawi amene munkandiitanira nsima Lamlungu, munandichotsa kusungulumwa. Zikomo kwambiri.

Kwa makolo amene mwana wawo akulimbana ndi matendawa, amene ena mwandilembera mutamva za ntchito yanga, ndikuuzeni zoona: zimene ndachita zikadali m'mbale za mulabotale. Chithandizo chodalirika lero ndi mankhwala monga vincristine, actinomycin D ndi cyclophosphamide, pamodzi ndi opaleshoni kapena kuwotcha ndi cheza, ndipo chimathandiza kwambiri matenda akapezeka msanga. Mukaona chotupa chikukula, ngakhale chisakupweteka, kapena diso la mwana likutuluka, thamangirani kuchipatala. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuli madokotala ndi anamwino osamalira ana odwala khansa, ndipo nawonso ndikuwathokoza chifukwa ndi iwo amene amakhala pambali pa bedi la mwana.

Apulofesa avomera kuti ndipitirize nawo PhD. Tikufuna kuona chimene chimachititsa maselo osamvera aja kubwerera m'mbuyo, komanso kuyesa mtundu woopsa kwambiri wa khansayi, umene uli ndi majini awiri olumikizana otchedwa PAX3-FOXO1. Ndisanayambe ndibwera kaye kumudzi kudzakuonani.